Kalata Yotseguka kwa Oyendetsa Mayunivesite: Musasiyire Makampani Okha Kudziwa za Nyimbo

Olemekezeka akuluakulu oyendetsa mayunivesite, ndi inu nonse amene mumagawa ndalama za kafukufuku,

Ndalemba kudzapempha malo a maphunziro a nyimbo zotchuka: nyimbo za pa wailesi, za m'mafoni ndi za m'madansi, pamodzi ndi makampani amene amazigulitsa, anthu amene amaziimba ndi makamu amene amazimvera. Ndikunena malo enieni, okhala ndi aphunzitsi olembedwa ntchito yokhazikika, chipinda chosungiramo zojambulidwa, ndi mzere wake pa bajeti. Ndikudziwa mmene nkhope zimasinthira nkhaniyi ikafika pa tebulo lanu. Wina amamwetulira, wina amayang'ana wotchi, ndipo wapampando amati ganizoli ndi labwino koma tidzalionenso chaka chamawa. Mwa mitu yonse imene yunivesite ingafufuze, uwu ndi umene munthu wophunzira amaloledwa kuunyoza asanawerengepo ngakhale tsamba limodzi.

Kunyozaku si kwa lero. Mu 1941 Theodor Adorno, katswiri wa ku Germany amene panthawiyo anali atathawira ku America, analemba nkhani yodzudzula nyimbo zotchuka. Iye ankati zimapangidwa ngati katundu wa m'fakitale, zonse pa chikombole chimodzi, n'kungosintha pang'ono pamwamba kuti wogula aziyesa wapeza chatsopano. Pa omvera analakwitsa, chifukwa anawatenga ngati anthu ongomeza chilichonse chimene apatsidwa. Komabe ambiri amene amabwereza maganizo ake lero amaiwala kuti mwini wakeyo anakhala pansi n'kuifufuza nkhaniyo, n'kufunsa kuti mwini fakitaleyo ndani ndipo akupindula chiyani. Amene anabwera pambuyo pake anasunga funso limenelo n'kuwonjezera lina, loti anthu amachita nazo chiyani nyimbozo zikafika m'manja mwawo. Ku Birmingham, likulu lofufuza za chikhalidwe cha masiku ano linatsegulidwa mu 1964, ndipo ofufuza ake anayamba kulemba za achinyamata a m'matauni, kavalidwe kawo ndi nyimbo zawo. Magazini ya akatswiri ya Popular Music and Society inayamba kutuluka mu 1971. Mu 1981 ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana anakumana ku Amsterdam, bungwe la ofufuza za nyimbo zotchuka la IASPM linabadwa, ndipo chaka chomwecho Cambridge University Press inayamba kusindikiza magazini ya Popular Music. Yunivesite ya Liverpool inatsegula Institute of Popular Music mu 1988.

Ndatchula zakazi kuti pasapezeke wonena kuti awa ndi maphunziro obwera dzulo. Adutsa zaka 40, ali ndi njira zake zofufuzira, mikangano yake ndi mabuku odzaza mashelefu. Chimene alibe m'mayunivesite ambiri ndi mpando. Amadalira mphunzitsi mmodzi wokonda nkhaniyi, wobisala mu dipatimenti ya zolembalemba kapena ya utolankhani, ndipo iyeyo akapuma pa ntchito maphunzirowo amapuma naye limodzi.

Kuti muone chimene chimatayika pakasowa wofufuza, tengani nkhani ya Solomon Linda. Mu 1939, mu situdiyo ya kampani ya Gallo ku Johannesburg, Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo ya Chizulu yotchedwa Mbube. Anapatsidwa kandalama kochepa kamodzi kokha, umwini wa nyimboyo n'kupita ku kampani. Chimbalecho chinagulidwa kwambiri, kenaka chinawoloka nyanja mpaka kufika m'manja mwa Pete Seeger ku America, amene anaimba nyimboyo ndi gulu la The Weavers pa dzina loti Wimoweh. Mu 1961 gulu la The Tokens linaitulutsa ndi mawu a Chingerezi, ndipo The Lion Sleeps Tonight inakhala nambala wani ku America. Chaka chotsatira Linda anamwalira ali mmphawi, munthu amene anagwirapo ntchito yolongedza zimbale pa kampani yomwe ija. Nyimbo yake inapitiriza kuswa ndalama mpaka kulowa mu filimu ya Disney ya The Lion King mu 1994, ana ake aakazi akusauka ku Soweto.

Zinthu zinasintha chifukwa wina anafufuza. Mtolankhani Rian Malan anaitsatira nyimboyo phazi ndi phazi, kuchokera mu situdiyo ya 1939, kudutsa m'mapangano ndi m'maofesi a osindikiza nyimbo ku New York, ndipo mu 2000 anatulutsa zimene anapeza m'magazini ya Rolling Stone, akuyerekeza kuti nyimboyo inali itabweretsa madola pafupifupi 15 miliyoni. Loya wa za umwini wa zaluso, Owen Dean, anakafukula ndime ina m'lamulo lakale la Britain la 1911, limene linkagwiranso ntchito ku South Africa, yonena kuti pakatha zaka 25 mwini luso atamwalira, umwini umabwerera kwa olowa m'malo mwake. Mlandu unalowa m'khoti mu 2004, ndipo mu 2006 mbali ziwirizo zinagwirizana kuti banja lilipidwe ndiponso kuti dzina la Linda lilembedwe pa nyimboyo.

Werengani nokha zaka za pakati pa 1939 ndi 2006. Kenaka onani ntchito imene inafunika kuti chilungamo chochedwachi chipezeke: khutu lotha kuzindikira kuti nyimbo zitatu za mayina atatu ndi imodzi, mbiri ya makampani, malamulo a mayiko angapo, ndi kuwerengetsa ndalama. Mwa madipatimenti amene muli nawo panopa palibe imene imaphunzitsa zonsezi pamodzi. A zamalamulo satsata kayendedwe ka mawu a nyimbo, a nyimbo sawerenga mapangano, a zachuma sadziwa kuti Evening Birds anali ndani. Linda anapeza womulankhulira atagona m'manda zaka 38. Anzake ambirimbiri amene anadyeredwa masuku pamutu mwa njira yomweyo ku Kinshasa, ku Kingston, ku Lagos kapena ku Memphis sadzamupeza, pokhapokha wina atalembedwa ntchito yowafufuza.

Mwina mukuti zimenezo ndi za nthawi ya atsamunda, lero zonse zili poyera pa intaneti. Zili poyera kwa eni makinawo. Bungwe la makampani a nyimbo la IFPI linalengeza kuti mu 2023 nyimbo zojambulidwa zinabweretsa madola 28.6 biliyoni padziko lonse, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalamazi anachokera ku kumvera nyimbo pa intaneti. Makampani atatu, Universal, Sony ndi Warner, ndiwo agwira gawo lalikulu la msikawu. Koma funsani woimba wamba kuti ndalama imene yalowa mu akaunti yake yawerengedwa bwanji, adzangopukusa mutu.

Kawerengedwe kake n'kotere. Munthu akalipira Spotify, kampani yomvetserako nyimbo pa intaneti, mwezi uno n'kumamvera woimba mmodzi yekha usana ndi usiku, ndalama yakeyo sipita kwa woimba ameneyo. Imathiridwa m'thumba limodzi ndi za anthu ena onse, kampani imatapapo gawo lake, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, ndipo zotsalazo zimagawidwa potengera kuti mwa nyimbo zonse zimene zamveredwa mwezi umenewo, zingati zinali za yani. Motero wokonda woimba wosatchuka amapezeka akulemeretsa amene ali kale pamwamba. Ndalamayo siifikanso kwa woimba mwachindunji. Imadzera kwa mwini wa chojambulidwacho, kaya ndi kampani kaya ndi wogawa nyimbo, ndipo woimba amalandira zimene pangano lake likunena, pangano limene mwina anasayina akadali mnyamata, wopanda loya pambali pake, mtima uli dyokodyoko kuti wapeza mwayi. Nyimbo imawerengedwa kuti yamveredwa ikadutsa masekondi 30. Kuyambira mu 2024 Spotify siwerengera ndalama nyimbo imene sinamveredwe ka 1,000 m'miyezi 12 yapitayo. Lamulo limeneli silinadutse m'nyumba ya malamulo ya dziko lililonse. Kampani inangolengeza, basi.

Malamulo otere amalowerera mpaka m'kati mwa nyimbo. Kafukufuku wa ku Ohio State University amene anatuluka mu 2017 anayeza nyimbo zimene zinafika pamwamba ku America pakati pa 1986 ndi 2015, n'kupeza kuti nthawi imene zida zimalira woimba asanatsegule pakamwa inatsika kuchoka pa masekondi oposa 20 kufika pa masekondi pafupifupi 5. Lowani mu situdiyo mudzamve pulojusa akuuza woimba kuti adule poyambirapo, kolasi ibwere msanga anthu asanadumphire nyimbo ina. Woimbayo mwina anafuna kuti gitala ayambe wafotokoza kaye nkhani yake, koma pa kompyuta mbewa yakoka kale, masekondi 15 apita. Amene amati malonda ndi luso n'zosiyana akhale m'chipinda chimenecho ola limodzi.

Aphungu a ku Britain atafuna kuimvetsa nkhaniyi mu 2020 anaitanitsa oimba, makampani ndi akatswiri, ndipo lipoti lawo la 2021 linati kagawidwe ka ndalamaka kakufunika kukonzedwanso kuyambira pansi. Anatha kufunsa mafunso olasa chifukwa m'dziko mwawo munali ofufuza, monga David Hesmondhalgh wa ku Leeds, amene anatha zaka zambiri akuphunzira mmene makampaniwa amayendera. Tsiku limene aphungu a dziko lanu adzafune kuchita chimodzimodzi, adzaimbira foni ndani? Mukadzapezeka mulibe munthu, adzaitana kampani yomweyo kuti idzawafotokozere ngati ikulipira bwino.

Za omvera ndiye zimandidetsa nkhawa koposa. Kampani imadziwa ola limene munthu amamvera, sekondi imene amadumpha nyimbo, imene amaibwereza kakhumi, ndi imene amaitumiza kwa mnzake. Palibe laibulale ya yunivesite imene ili ndi kachigawo ka zimenezi, ndipo kampani imatulutsa zokhazo zimene zikuikomera. Komanso chimene makinawo amaona si dziko lonse. M'madera ambiri a Africa, Asia ndi South America nyimbo zimayenda pa memori khadi, pa Bluetooth, pa WhatsApp ndi m'masipika a m'misewu, moti woimba atha kudzaza bwalo la mpira pamene manambala ake a pa intaneti ali ochititsa manyazi. Amene angadziwe zimenezi ndi wofufuza woyenda wapansi, wokhala pakati pa anthu, wofunsa mnyamata woika nyimbo m'mafoni kuti sabata ino anthu akufuna chiyani. Peter Manuel anachita ntchito yamtunduwu ku India, ndipo anaonetsa mmene kaseti yotsika mtengo, m'zaka za m'ma 1980, inathyolera mphamvu ya kampani imodzi imene inkalamulira msika, n'kutsegulira njira nyimbo za m'zilankhulo ndi m'zigawo zimene kale sizinkajambulidwa kwenikweni. Nkhani yotere simungaipeze pa tchati ya kampani iliyonse.

Pali mbali ina imene singadikire chaka chamawa. Pa 1 June 2008 moto unabuka pa malo a Universal Studios ku Hollywood n'kupsereza nyumba imene munkasungidwa matepi oyambirira a nyimbo za zaka makumi ambiri. Kukula kwa zimene zinatayika kunamveka patatha zaka 11, New York Times Magazine itafufuza mu 2019, ndipo kampani inatsutsa chiwerengero chimene atolankhaniwo anapereka. Chaka chomwecho MySpace, tsamba la pa intaneti limene anthu ankaikapo nyimbo zawo, inavomera kuti posamutsa makompyuta ake inataya nyimbo zimene anthu anaikapo pakati pa 2003 ndi 2015, ndipo malipoti anati zinali pafupifupi 50 miliyoni. Ngati makampani aakulu chonchi amataya, nanga wailesi yosauka imene denga lake likudontha? Nanga kasitudiyo ka kuseri kwa nyumba kamene ntchito ya zaka khumi ili pa hard drive imodzi?

Tepi nayo imafa yokha ngakhale popanda moto. Guluu wogwira utoto wa maginito pa lamba wake amayamwa chinyontho, tepi imayamba kumata, ndipo ukaiika pa makina imalira mokwekwesa n'kusiya litsiro lofiirira pa mutu wowerengera. Litsiro limenelo ndi nyimbo yeniyeniyo ikusupuka. Odziwa ntchitoyi amayamba aifunditsa tepiyo mu uvuni wapadera pa madigiri pafupifupi 50 kwa maola ambiri, kenaka n'kuikopera msanga isanayambenso kumata. Makina owerengera matepi otere akusowa, zipangizo zake zosinthira zikutha, ndipo amisiri owakonza akukalamba. Pajatu madzi akatayika saoleka.

Chonsecho munthu mmodzi wopatsidwa nthawi ndi ndalama pang'ono amapulumutsa zambiri. Graeme Counsel wa ku Australia, mothandizidwa ndi British Library, anakopera nyimbo zoposa 9,000 za m'nkhokwe ya wailesi ya dziko la Guinea ku Conakry, kuphatikizapo za magulu oimba a boma a nthawi ya pulezidenti Sékou Touré. John Collins anayambitsa nkhokwe ya highlife ndi nyimbo zina zotchuka ku Ghana mu 1990. International Library of African Music, imene Hugh Tracey anayambitsa mu 1954, ilipobe chifukwa Rhodes University inailandira mu 1978 n'kuipatsa denga. Zambiri zimene zinalembedwa za kwela ya Daniel ndi Donald Kachamba zilipo chifukwa Gerhard Kubik wa ku Vienna anakumana nawo mu 1967 n'kupitiriza kugwira nawo ntchito zaka zambiri. Anthu awa ndimawalemekeza. Koma chimandiwawa n'chakuti pafupifupi chitsanzo chilichonse chinadalira khama la munthu payekha, kawirikawiri wobadwira kwina, pamene yunivesite yoyandikana ndi matepiwo inali pomwepo, ikuphunzitsa ana nyimbo za ku Vienna za zaka 200 zapitazo. Sindikudana nazo nyimbo zimenezo. Zili ndi owasamalira okwanira.

Makhoti nawo ayamba kale kufunsa mafunso amene inu simukukonzera owayankha. Mu 2015 khoti la ku Los Angeles linagamula kuti Robin Thicke ndi Pharrell Williams alipire banja la Marvin Gaye madola oposa 7 miliyoni, ndalama imene inadzatsitsidwa pambuyo pake, pa mlandu wakuti nyimbo yawo inatengera ya Gaye. Mbali zonse ziwiri zinabweretsa akatswiri a nyimbo kudzachitira umboni, ndipo oimba ambiri anadandaula kuti chigamulocho chasokoneza malire a pakati pa kuba ndi kungoimba chamba chofanana. Ku America ndi ku Britain mawu a nyimbo za rap ndi drill akhala akuwerengedwa m'khoti ngati umboni wakuti mnyamata ndi chigawenga, mpaka boma la California mu 2022 linakhazikitsa lamulo lochepetsa mchitidwewu. Khoti la United Nations la milandu ya kupululidwa kwa Atutsi ku Rwanda linasanthula nyimbo za Simon Bikindi, zimene wailesi ya RTLM inkaziulutsa mobwerezabwereza mu 1994. Mu 2008 linamulamula kukhala m'ndende zaka 15 chifukwa cha mawu amene analankhula pa chimkuzamawu mumsewu. Za nyimbozo oweruza anavomera kuti zinafalitsa chidani, koma sanazitenge ngati chifukwa chomumangira. Kusiyanitsa kotereku kumafuna munthu wodziwa chilankhulo, mikuluwiko yake, mbiri ya chamba cha nyimbocho ndi mmene omvera ake ankachimvera. Woweruza akapanda kumupeza munthu wotere amadalira wapolisi kuti amutanthauzire ndakatulo.

Yankho lanu ndikulidziwa. Ndalama n'zochepa, ndipo pali zamankhwala, zaulimi ndi zauinjiniya zimene zikudikira. Sindikupempha kuti mutseke labotale n'kugula magitala. Aphunzitsi awiri kapena atatu, chipinda chouma chozizira bwino, makina okoperera ndi ndalama zoyendera ofufuza si katundu wogwetsa bajeti ya yunivesite. Ndipo ngakhale a zaumoyo ali ndi gawo lawo muno: bungwe la WHO lakhala likuchenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chowononga makutu chifukwa chomvera mokweza kwambiri, m'mahedifoni ndi m'malo azisangalalo. Dokotala atha kuyeza khutu, koma chifukwa chimene mnyamata amakwezera voliyumu mpaka kumapeto ndi funso la wofufuza za omvera.

Ena mumati woimba safunika digiri. N'zoona, ndipo Linda analibe. Koma maphunzirowa cholinga chake si kutulutsa akatswiri a pa siteji, monganso dipatimenti ya zandale siikhalira kutulutsa mapulezidenti. Amatulutsa munthu amene adzakhale m'bungwe lotolera ndalama za oimba akudziwa kuwerenga lipoti la wailesi, loya amene adzamuuze mtsikana wa zaka 19 kuti ndime iyi usasayine, mtolankhani wotha kulemba za chimbale zoposa kunena kuti ndi chamoto, wosunga nkhokwe, ndi mkulu wa ku unduna amene adzakhale pa tebulo ndi makampani akunja osangogwedeza mutu.

Ndikuopanso njira yachidule, poti ndaona kuti imakukopani. Yunivesite imalengeza kosi ya miyezi itatu yokhala ndi dzina la woimba amene ali pakamwa pa aliyense chaka chimenecho, manyuzipepala amalemba, ophunzira amadzaza holo, ndipo chaka chotsatira kosiyo kulibe. Kapena kampani imapereka makompyuta ndi chikwangwani chake pakhomo, maphunziro n'kusanduka ophunzitsa ana mmene angakondweretsere makina a kampaniyo. Thandizo la makampani silolakwika palokha, koma wofufuza amene malipiro ake akuchokera kwa amene akuwafufuza amadziwa yekha mafunso oti asafunse, popanda womuuza. Mzere wa pa bajeti umene ndikupemphawu ndi wogulira ufulu wofunsa mafunso amenewo.

Nawonso maphunzirowa ali ndi zilema zawo, ndipo mukamawapatsa malo muwauze mosapsatira. Kwa nthawi yaitali anazungulira pa rock ya ku Britain ndi ku America ngati kuti dziko lonse linkavina chamba chimodzi, pamene rumba ya ku Congo, nyimbo za m'mafilimu a ku India, cumbia, dangdut ndi nyimbo zauzimu zimene zimagulidwa kwambiri m'mayiko ambiri zinkaikidwa m'ndime imodzi kumapeto kwa buku. UNESCO inalemba reggae pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2018 ndi rumba ya ku Congo mu 2021, koma m'makalasi ambiri zikadali alendo. Zofufuzidwa zimatsekeredwa m'magazini odula amene woimba wofunsidwayo sangathe kuwagula, m'chilankhulo chimene mwina sawerenga. Ofufuza ena amajambula nkhalamba tsiku lonse, n'kupita osabweza ngakhale kope limodzi. Ndipo mbiri imene yalembedwa ndi ya amuna kwambiri. Ofufuza a ku University of Southern California atawerenga mayina a pa nyimbo zotchuka za ku America za pakati pa 2012 ndi 2017 anapeza kuti mwa mapulojusa 100 aliwonse, akazi anali 2 okha. Chiwerengero chimenecho chinadziwika chifukwa wina anapatsidwa ndalama kuti awerenge. Kwina konse kumene palibe anawerengapo, aliyense amangonena zimene akuganiza.

Chinanso n'chakuti lamulo lanu lolembera aphunzitsi limatsekera kunja anthu odziwa kwambiri. Woimba bezi amene wakhala m'magulu zaka 40, amene amadziwa kuti kaimbidwe kakutikakuti kanachokera kwa yani ndipo pangano la chaka chakuti linatha bwanji, sangaime kutsogolo kwa kalasi chifukwa alibe pepala. Mumamuitana tsiku la chikondwerero kuti asangalatse alendo, n'kumuthokoza ndi m'manja. Ameneyo mumulembe ntchito, mumulipire ngati mphunzitsi, ndipo ophunzira a digiri yachiwiri akhale pansi amujambule akufotokoza.

Nthawi ikuthamanganso pa nkhani ya makina opeka nyimbo okha. Mu June 2024 makampani aakulu atatu aja anasumira Suno ndi Udio, makampani opanga makina otere, ku America, powaimba mlandu wophunzitsa makina awo ndi nyimbo za eni popanda chilolezo. Milandu ndi mapangano otere ndiwo akuika malamulo amene woimba aliyense padziko adzakhale pansi pake: ngati mawu a pakhosi pa munthu ndi katundu wake, ngati chamba cha anthu a dera lina chingatengedwe ndi makina n'kugulitsidwa popanda wolipidwa. Pa tebulo limenelo pakhala makampani a nyimbo ndi makampani a makompyuta. Woimba wa payekha palibe, ndipo mwini chamba chimene chilibe kampani yochiimira palibenso. Boma lililonse posachedwa lifunika kulemba lamulo lake pa nkhaniyi, ndipo lidzafuna umboni wa mmene oimba a m'dziko mwake amapezera ndalama, angati amadalira mashoo, angati amadalira wailesi, angati asiya. Umboni wotere sausonkhanitsa m'mwezi umodzi bilu itafika kale m'nyumba ya malamulo.

Tsono pempho langa ndi ili. Pa msonkhano wanu wotsatira wa bajeti, tsegulani mipando yokhazikika ya maphunziro a nyimbo zotchuka, ndipo olembedwawo aloledwe kugwira ntchito ndi a zamalamulo, a zachuma ndi a makompyuta popanda kupempha chilolezo kwa akuluakulu a nthambi zitatu. Gwirizanani ndi mawailesi, masitudiyo ndi mabanja a oimba kuti matepi, makaseti, zithunzi, mapositala ndi mapangano akale akopedwe, eni ake asunge umwini wawo ndipo alandire kope. Inu ogawa ndalama za kafukufuku, ikani lamulo lakuti zimene zapezeka zibwerere kwa oimba m'chilankhulo chawo, kwaulere, ndipo thandizani maboma kukakamiza makampani kuti ofufuza odziimira paokha aziona ziwerengero za kamvedwe ndi kagawidwe ka ndalama. Ngati zonsezi zikuchulukirani chaka chino, yambani ndi chotsika mtengo kwambiri: perekani zojambulira mawu kwa ophunzira, muwatume kwa oimba, mapulojusa, ma DJ ndi ogulitsa makaseti amene adutsa zaka 70, ndipo zimene ajambule zilowe mu laibulale yanu ndi nambala yake ngati buku lina lililonse.

Ngati mukana, kanani polemba, ndipo mupereke zifukwa zimene oimba angathe kuziwerenga ndi kuziyankha.

Ine wanu,
Mphunzitsi ndi wofufuza za nyimbo